Simioni wa ku Manda a Alendo

Ku Mangochi pafupifupi munthu aliyense anali ndi kokagona akamwalira. Asilamu anali ndi manda awo, anthu a m'midzi yozungulira anali ndi nkhalango zawo, ndipo wogwira ntchito m'boma akatisiya, galimoto inkabwera kudzamutenga kupita naye ku Dedza, ku Mzimba, kapena kulikonse kumene mchombo wake unagwera. Koma analipo ena amene galimoto sinkawapezekera. Amenewo ankapita ku manda a khonsolo, kuseri kwa tauni, pamene kamsewu ka mchenga kankathera pa mlambe waukulu. Anthu ankangoti ku manda a alendo. Wosamala kumeneko anali a Simioni Kamtedza.

A Simioni kwawo kunali ku Ntcheu, chakumunsi kwa Kasinje. Kunyanja anabwera ndi kampani yokonza msewu, ntchito yawo ili yoswa miyala, ndipo mumtima ankati ntchito ikatha abwerera kukalima. Kampaniyo itamaliza chigawo chake inapakira zitsulo zake n'kumapita, koma iwo anatsalira chifukwa akazi awo, a Annie, anali ndi pakati potopa, posayenera kugwedezeka pa lole. Munali mu Febuluwale wa 1972, mvula ili pakati. A Annie analowa m'chipatala Lachiwiri, ndipo pofika Lachinayi anali atapita, iwo ndi mwana yemwe. Uthenga unatumizidwa kumudzi, koma mitsinje inali itasefukira, msewu utaduka pawiri. Anadikira masiku awiri, koma kutentha kwa kunyanja sikudikira munthu. Dzenje anakumba ndi akaidi anayi, nyimbo anayimba ndi anthu asanu ndi atatu a mpingo amene malemuyo sankamudziwa n'komwe.

Amalume awo a Annie anafika patatha masabata awiri. Anaona mtumbira, analira, kenako ananena kuti mwana wawo watayidwa kutchire ngati munthu wopanda abale. Ngakhale madzi sanamwe, anabwerera tsiku lomwelo. A Simioni anali mkamwini m'mudzi wa akazi awowo, ndipo kumene anabadwira makolo anali atatha kale. Anaona kuti kobwerera kulibe.

Mwambo wake munthu sapita kumanda popanda maliro, ndipo wopezeka kumeneko yekhayekha amapatsidwa dzina loipa. A Simioni ankazidziwa zimenezo, komabe Loweruka lililonse ankanyamula khasu kukapalira pa mtumbira wa a Annie. Chilimwe chitafika, moto wa osaka mbewa unalowa m'manda n'kutentha mtanda wa thabwa umene anakhoma okha. Anasema wina, ndipo pofuna kuti moto usadzafikenso anapalira mitumbira yoyandikana nayo, kenako yotsatira, mpaka mzere wonse unayera. Tsiku lina mkulu wa zaumoyo ku khonsolo anawapeza ali thukuta kamukamu ndipo anawafunsa amene anawatuma. Atamva kuti palibe, anawauza kuti Lolemba abwere ku ofesi. Anawapatsa pikisi, fosholo, chikwakwa ndi ovololo ya khaki, ntchito n'kuyambira pomwepo.

Pa zaka khumi ndi ziwiri zotsatira a Simioni anaika anthu oposa mazana awiri. Ambiri anali ana: a aphunzitsi, a apolisi, a ogwira ntchito m'mahotela a ku Nkopola ndi ku Makokola. Makolo ankabwera ndi kabokosi pa njinga kapena pa galimoto yobwereka, ankalira, ankaika nkhata ya maluwa a mapepala, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri ankasamutsidwa kupita boma lina. Ena anali mitembo yosowa eniake yochokera kuchipatala, ena ovuulidwa mu Shire. Kulemba a Simioni ankangodziwa dzina lawo, kuwerenga ankachita kugawa mawu pang'onopang'ono ngati wosenda nzimbe, koma mutu wawo unali wakuthwa. Ankadziwa kuti pafupi ndi mgwalangwa wopindika pagona mwana wa sajeni wa ku Chitipa, kuti pa chulu paja pali mphunzitsi amene anamwalira ali ndi choko m'thumba, kuti mbali ya kumunsi nthawi ya dzinja munthu akakumba kufika m'chiuno madzi amatumphuka.

Ntchito imeneyi inawapatula. Pamsika amayi ena ankawaikira nsomba pa benchi m'malo mowapatsa m'manja. Kutchalitchi ankakhala mpando wa kumbuyo, ndipo ngakhale mutadzaza bwanji, pambali pawo pankatsala danga lokwana munthu. Kukwatiranso anayesa kamodzi, koma abale a mayiyo atamva ntchito yawo nkhani inazizira yokha. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya Che Yasini, munthu wowamba chambo ndi milamba n'kumatumiza ku Limbe. Che Yasini yekha ndiye ankawapatsa moni wa m'manja m'mawa uliwonse, ankati amene amakwirira akufa amagwira ntchito ya Mulungu. Koma anali munthu wotanganidwa, wa akazi awiri ndi ana ambiri, ndipo macheza awo nthawi zambiri ankathera pa moni womwewo.

Mu 1984 khonsolo inaganiza zokonza malamulo atsopano a manda. Amene anapatsidwa ntchito yolemba anali a Ellard Chikafa, kalaliki wa ku ofesi ya zaumoyo, bambo wa imvi za m'mbali wochokera ku Chiradzulu. Malamulowo ankati manda atchingidwe ndi waya ndipo geti lizikhomedwa. Munthu asakumbe popanda chikalata. Maenje azikumbidwa motsatana pamzere, osadumpha. Pamitumbira pasadzalidwe mitengo. Ndipo ku chigawo chakale, chimene chinali chitadzaza, mitumbira yopanda chiliza isalazidwe pakatha chaka kuti udzu uzitchetcheka bwino. Asanawatumize ku unduna, panafunika kumva maganizo a anthu.

A Ellard anakhomesa mabokosi awiri okhala ndi kabowo pamwamba, lina anaika pakhomo la ofesi, lina pamsika. Koma masiku amenewo pepala lolemba ndi dzanja lako linkatha kuyenda mpaka kumene sunalitume, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Patatha masabata awiri a Simioni anatumidwa kukatenga bokosi la kumsika. Atalitsegula ku ofesi munatuluka makoko a mtedza ndi mphemvu imodzi.

Kenako kunaitanidwa msonkhano mu holo. A Simioni ndi amene anayala mabenchi, ndipo anthu atayamba kulowa, aliyense akuonetsa kadi ya chipani pakhomo, iwo anaima panja cha pazenera. Anthu anabwera ambiri ndithu: makhansala, mashehe, akuluampingo, amalonda. Anayimba, tcheyamani analankhula, a Ellard anawerenga malamulo onse asanu n'kufunsa ngati alipo ali ndi mawu. Kunali zii. Bambo wina wa kutsogolo anaimirira n'kunena kuti zonse zimene boma lakonza n'zabwino ndipo anthu agwirizana nazo. Manja anawombedwa, msonkhano n'kutha.

Mawa lake a Ellard anaitana a Simioni. Ananena kuti usiku sanagone bwino, chifukwa mwa anthu onse anawomba m'manja aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi m'bale ku manda a alendo. Anatulutsa mapepala makumi awiri otayipidwa, lililonse lili ndi mafunso asanu ndi chidindo cha khonsolo.

"Inu ndi amene mukuwadziwa eni ake a mitumbira ija," anatero a Ellard. "Tengani njinga ya ofesi, mukawapeze. Amene sadziwa kulemba mukamve mawu ake, mudzandiuze pakamwa."

A Simioni anakulunga mapepalawo m'pulasitiki n'kuwamangirira pa kaliyala. Anayambira ku nyumba za apolisi. Mayina onse asanu ndi limodzi amene anatchula, palibe amene anapezeka. Wina anapita ku Nsanje, wina anapuma ntchito, wina anthu sankamukumbuka n'komwe. Kusukulu anapeza mphunzitsi mmodzi amene anaika mlongo wake. Anawerenga pepalalo kawiri, analemba "inde" pa mafunso onse, dzina lake sanalembe. Namwino wina anachita chimodzimodzi ataimirira, akuyang'ana kukhomo. Sabata yoyamba inatha choncho, m'dzuwa la Okutobala, mchenga ukumeza mateyala.

Sabata yachiwiri anapalasa kupita ku Makokola kukafuna a Bonface, wophika pa hotela ina, amene anaika mwana wamkazi mu 1978. A Simioni ankakumbuka tsikulo chifukwa bambowo anakana kuti wina awathandize kunyamula kabokosi kuchokera pa msewu mpaka pa dzenje. Anawadikira kuseri kwa khitchini mpaka anatuluka, atavala epuloni yoyera. Atangoona chidindo, a Bonface anabweza manja kumbuyo. Anafunsa amene wapereka dzina lawo ku khonsolo, ndipo ngakhale a Simioni anafotokoza kuti palibe mlandu, iwo anati alibe maganizo alionse, zimene akulu aganiza ndi zomwezo. Komabe anawaperekeza. Atafika pa msewu, pamene panalibe munthu, anaima.

"Kodi pa mtumbira paja padakaoneka?"

"Pakuoneka. Panatitimira ndi mvula ya chaka chatha, ndinawunjikiranso dothi."

A Bonface anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa mabanzi awiri okulunga m'pepala, anawapatsa, n'kupempha kuti zimene akambiranazo zisakafike ku ofesi. Anabwerera mofulumira osacheuka.

Pobwerera a Simioni anakhotera m'mudzi wina wa asodzi pafupi ndi Nkopola. Kumeneko kunkakhala mayi Asiatu, amene anakwatiwa ndi mlonda wachikhristu wochokera ku Chikwawa, dzina lake Abednego. Mwamunayo atamwalira, kwawo kunali kutali, ndipo ku manda a Asilamu sakanagona, choncho anapita kwa a Simioni. Anawapeza akutembenuza usipa pa thandala, nkhope atapaka msinjiro woteteza ku dzuwa. Mayiyo anawayalira mkeka pansi pa bwemba n'kuwapatsa madzi m'kapu imene ankamwera eni ake. A Simioni anawerenga mafunso mmodzimmodzi, chala chili pa mzere, mayiyo akumvetsera mopanda changu. Za waya anavomera, anati mbuzi ndi afisi alibe ulemu. Za chikalata anati zimenezo ndi za amuna. Koma atamva za kusalaza anagwedeza mutu.

"Ine kumanda sindifika, ife amayi sitipita," anatero m'Chichewa chawo cha kamvekedwe ka Chiyao. "Koma ndikamagona ndimadziwa kuti bambo aja ali pena pake pooneka, poti munthu akhoza kuloza. Akasalaza ndiye kuti ndiziti ali kuti? Kawauzeni choncho. Dzina langa mukatchule, sindinabe kanthu."

Atatha za mafunso anafunsa a Simioni kwawo, ngati ali ndi ana, ndi amene amawaphikira akadwala. Panali patatha zaka zambiri munthu asanawafunse zotere. Anangoti kwawo ndi konkuno tsopano. Mayi Asiatu sanaumirize. Anawawolera usipa m'kathumba, ndipo a Simioni anakankha njinga mtunda wautali asanakwere.

Lolemba anabweza mapepala ku ofesi: awiri olembedwa, khumi ndi asanu ndi atatu oyera. Mawu a mayi Asiatu anawanena monga anawamvera, a Ellard akulemba. Za a Bonface anangoti anawapeza koma analibe mawu. A Ellard anawerenga mapepala atatuwo, anapuma mozama, n'kufunsa ngati m'tauni yonseyi mulibenso wina amene ali ndi m'bale kumanda kuja.

"Alipo mmodzi," anatero a Simioni. "Ndine ndemwe. Akazi anga ndi mwana ali mzere wachitatu, chigawo chakale."

A Ellard anavula magalasi. Anali atagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa zimenezi. Anakoka mpando wa alendo n'kuwauza kuti akhale, ndipo aka kanali koyamba a Simioni kukhala pansi mu ofesi imeneyo. Anakhala chakumapeto kwa mpando, chipewa chili pa bondo. A Ellard anatenga pepala loyera n'kuyamba funso loyamba ngati akufunsa khansala.

A Simioni anati waya ndi wabwino, koma geti likhale lalikulu loti anthu onyamula bokosi adutse osapendeketsa. Za mzere anati mbali ya kumunsi isamakumbidwe dzinja. Za kusalaza ananena kuti mitanda yambiri inadyedwa ndi chiswe, ndipo chimene chikusiyanitsa munthu ndi mnzake kumeneko ndi mtumbira ndi mutu wawo basi; mtumbira ukachoka, mutu nawonso ukukalamba. Anapempha kuti wina wodziwa kulemba apite nawo akalembe mayina iwo adakali moyo. Pomaliza, mawu atatsika, anati pambali pa a Annie pali kampata kamene akhala akukasunga, ndipo akanakonda kuti tsiku lawo likadzafika adzagone pamenepo.

Komiti inakumana mwezi wotsatira. A Ellard anabwera okha kumanda kudzauza a Simioni zotsatira, anawapeza akunola chikwakwa pansi pa mlambe. Lamulo la kusalaza linachotsedwa. M'malo mwake mtumbira uliwonse uikidwa kachitsulo ka nambala ndipo mayina alembedwa m'kaundula. Geti likhala lalikulu. Koma za kampata kaja komiti inakana. Inati chigawo chakale chatsekedwa kwa aliyense, ndipo akalola mmodzi mawa abwera khumi. A Ellard ananena kuti anayesetsa. A Simioni anati amva, ndipo anathokoza kuti abwera kudzanena okha m'malo motuma mesenjala. A Ellard atapita, iwo anapitiriza kunola mpaka chitsulo chinatentha m'manja.

Kulemba mayina kunatenga masiku anayi. Ankayamba m'mamawa dzuwa lisanapse, a Ellard ali ndi buku lalikulu ndi ambulera, a Simioni ali patsogolo ndi ndodo yolozera. Pa mtumbira uliwonse ankatchula dzina, chaka, ndi kwawo kwa munthuyo, kenako ankawonjezera zimene buku silinafunse: amene analira kwambiri, nyimbo imene inayimbidwa, mvula imene inawapeza ali pakati pokwirira. Mitumbira makumi asanu ndi umodzi inalibe mayina. Pamenepo ankati mwamuna wamtali wovuulidwa pa mlatho, kapena mayi wa mphini m'masaya amene anatsika basi akudwala, ndipo a Ellard ankalemba momwemo. Masana ankakhala pamthunzi n'kugawana chinangwa chophika chimene akazi a Ellard ankawamangira. Pa masiku anayi amenewo a Simioni analankhula mawu ambiri kuposa a zaka khumi zam'mbuyo, moti tsiku lomaliza mawu anali atasasa.

Anaganiza kuti apeza munthu wocheza naye. Akapita ku ofesi kukatenga zikalata ankachedwerako pang'ono, ndipo a Ellard ankawafunsa za msana wawo. Koma chaka chisanathe kunabwera kalata yosamutsira a Ellard ku Mchinji. A Simioni anathandiza kukweza mipando ndi matumba pa lole, anagwirana chanza, lole n'kunyamuka. Pa desiki paja panakhala munthu wina, waulemu ndithu, amene ankawapatsa zikalata kudzera pazenera.

A Simioni anagwirabe ntchito zaka zina zisanu. Waya unamangidwa, mbuzi zinasiya kulowa, manambala anachita dzimbiri n'kupakidwanso utoto. Mu 1990 msana unakanika ndipo khonsolo inawapumitsa. Anapereka kiyi, pikisi ndi fosholo kwa bambo wina wa ku Zomba, anamuonetsa mbali yotumphuka madzi, n'kubwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, nthawi imene sanazolowere kukhala pakhomo. Masiku anayamba kutalika. Ankathandiza Che Yasini kuwaza nkhuni zowambira nsomba, ndipo popeza nayenso anali atakalamba n'kusiyira ana malonda, awiriwo anayamba kukhala limodzi pakhonde masana, wina akusoka ukonde wa mdzukulu wake, wina akungoyang'ana msewu. Sankalankhula zambiri, koma a Simioni ankadzuka akudziwa kumene akakhale.

Chaka chotsatira, nthawi ya mwera, Che Yasini anadwala chifuwa masiku asanu n'kumwalira m'mawa wa Lachitatu. Pofika masana anali atasambitsidwa ndi kuvekedwa nsanda. Amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, mothamanga, akulandirana mapewa, ndipo a Simioni anatsatira kumbuyo momwe msana unawalolera. Kumanda anaima chapatali, kunja kwa mzere wa opemphera. Anaona mmene anyamata anakumbira kachipinda ka m'mbali mwa dzenje, mmene anatsitsira thupi mosamala, mmene anatsekera ndi timitengo ndi masamba dothi lisanagwe. Ntchito inali yaukhondo, panalibe choti awonjezere. Manja awo anasowa chogwira, anangowapinda kumbuyo.

Pobwerera anthu ankayenda m'magulu akulankhula Chiyao motsitsa, iwo ali okha m'mphepete mwa njira, akuganiza kumene angapite ndi mphasa yawo ndi mapoto awiri nyumba ikagawidwa. Mwana wamkulu wa malemuyo, Jaffalie, anabwerera m'mbuyo n'kuyenda nawo pang'ono. Anati bambo ake anasiya mawu akuti kachipinda ka kuseri kwa nyumba kaja n'ka a Simioni mpaka Mulungu atawaitana, ndipo palibe adzawavutitse. A Simioni anafuna kuyankha bwino, mwa mwambo, koma chimene chinatuluka ndi zikomo yekha. Jaffalie anagwedeza mutu n'kuthamangira kutsogolo kumene amalume ake ankamuitana.

Pakhomo panali anthu ambiri masiku atatu, kenako anayamba kuchepa. Tsiku lachinayi a Simioni anatulutsa kampando kawo n'kukhala kumapeto kwa khonde. Mphepo inkaulutsa phulusa la m'ng'anjo yowambira, imene inali isanayatsidwe chichitikire maliro. Anakhala mpaka mthunzi unasuntha, kenako anadzuka kukafunsa akazi aakulu a malemuyo ngati nkhuni zilipo zokwanira.